Lipoti la msonkhano wa zoyeza chimbudzi pofufuza njoka za m'mimba

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu, ndabwerako ku msonkhano uja munanditumawu, nde ndati ndilembe lero lomwe zinthu zisanandithawe m'mutu. Unali wa masiku awiri, tsiku loyamba tinangomvera zokamba, lachiwiri anatilowetsa mu labu ndipo kumeneko ndi komwe ndinaphunzira zambiri.

Chachikulu chomwe ndabwera nacho ndi ichi, munthu akayezetsa chimbudzi kamodzi n'kumuuza kuti sanapeze kanthu sizikutanthauza kuti alibe njoka kapena tizilombo m'mimba. Tizilombo tina ngati Giardia sitituluka tsiku lililonse, lero timapezeka mawa ayi, nchifukwa chake madokotala amati ngati munthu akudwalabe apereke sampulo katatu pa masiku osiyana. Ine izi zinandikhudza kwambiri chifukwa tonse tikudziwa makolo amene amati tinayezetsa kale mwana alibe kanthu, pomwe mwanayo akuonda, m'mimba mukumupweteka komanso magazi akumuchepera.

Pa ziwerengero sindichedwapo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi njoka zomwe zimafala kudzera m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi. Zodziwika ndi Ascaris, njoka yaitali ija imene nthawi zina imatuluka yamoyo, hookworm imene imalowera pakhungu la kuphazi n'kumakayamwa magazi m'matumbo, ndi whipworm. Ascaris yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 patsiku, tangoganizani.

Mu labu muja anationetsa njira ya Kato-Katz. Amatenga chimbudzi pang'ono n'kuchisefa pa kasefa, kenako amadzaza kabowo ka pa kapulasitiki kamene kamatenga mamiligalamu 41.7, n'kuika pa galasi, kuphimba ndi kapepala koonekera konyowetsedwa ndi mankhwala, basi n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Akawerenga mazira amachulukitsa ndi 24 nde amadziwa kuti mu galamu imodzi muli mazira angati, apa mpomwe amasiyanitsira munthu amene ali ndi njoka zochepa ndi amene zamudzadza. Ndinayang'ana ndekha dzira la likodzo la m'matumbo, Schistosoma mansoni, lili ndi kaminga pambali, ukaliona kamodzi sungaliiwale. Koma likodzo la mtundu wina lija lokodzetsa magazi amaliyeza mu mkodzo osati mu chimbudzi, tisamasokoneze anthu pamenepa.

Nkhani ya nthawi ndi imene ndikufuna muigwire bwino. Mazira a hookworm akaikidwa pa galasi la Kato-Katz amazimiririka pakangodutsa mphindi 30 mpaka 60, nde wa ku labu akachedwa kuwerenga alemba kuti palibe pomwe zilipo. Chimbudzi cha madzimadzi nachonso chimafunika chionedwe mkati mwa mphindi 30 chifukwa amiba, uja amayambitsa kamwazi, amaoneka akuyenda chikadali chatsopano, chikakhalitsa amafa n'kusweka. Chouma chimapirira mpaka tsiku limodzi, ndipo ngati labu ili kutali amachisunga mu mankhwala otchedwa formalin. Ndiye mwaona kuti zotsatira zolakwika nthawi zambiri zimayambira kunja kwa labu, munthu watenga sampulo dzulo madzulo, waisakaniza ndi mkodzo, kapena waitola pansi pa dothi, kenako tikudzudzula makina.

Kutenga kwake sikovuta ayi, munthu achite chimbudzi pa chinthu choyera komanso chouma, atapeko pang'ono ndi kasupuni ka m'kabotolo, makamaka pomwe pali magazi kapena zonanda ngati mamina, atseke bwino, alembe dzina, tsiku ndi nthawi, asambe m'manja ndi sopo. Komanso auze adokotala ngati wamwa posachedwa mankhwala a njoka, ma antibayotiki kapena mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, chifukwa amabisa tizilombo.

Pali zina zomwe njira yanthawi zonse imaziphonya. Tinjoka tating'ono toyera toyabwa kumatako usiku timaikira mazira pakhungu, nde amamata tepu yoonekera pamenepo m'mamawa mwana asanasambe. Njoka ina yaing'ono yotchedwa Strongyloides imafuna njira yakeyake, ndipo kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamene kamavutitsa kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika kamafuna utoto wapadera kuti kaoneke, dokotala ayenera kuchita kupempha.

Panali mtsutso pang'ono, ena amati bwanji osangomwetsa aliyense mankhwala a njoka aja a albendazole osavutika n'kuyeza. Kwa ana a m'madera momwe njoka zili zambiri kumwetsa onse pamodzi n'kovomerezeka ndipo kumathandiza, koma kwa munthu amene akudwala ine ndili mbali ya kuyeza, poti likodzo limafuna praziquantel, amiba ndi Giardia amafuna metronidazole, Strongyloides imamva ivermectin, nde kumangomwa mankhwala amodzimodzi mwezi ndi mwezi n'kutaya nthawi mwana akuvutika.

Pempho langa ndi loti tikakumana sabata yamawa mundipatseko ola limodzi, ndabwera ndi kabotolo kopanda kanthu kuti ndionetse katengedwe kake, ndipo tikambirane momwe tingamalankhulire ndi akuluakulu amene amachita manyazi kunyamula sampulo, chifukwa ambiri amangolandira kabotolo osabwereranso.