Mapale akale asatsukidwe

Akonzi,

Alimi kuno ku Kasungu akamagalauza m'munda amafukula mapale a miphika yakale, ena n'kuwatsuka ndi sopo. Chonde asamatero. Mafuta a ndiwo amene analowerera m'dongo ndiwo amasonyeza akatswiri zomwe zinkaphikidwamo. Mwaye ndi zopserera zomamatira paphale amazipima poyeza Carbon-14, mtundu wa kaboni wopezeka m'zotsalira za zomera ndi nyama, amene amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse, kuti adziwe zaka za mphikawo. Sopo amachotsa kapena kuwononga zimenezi, ndipo ngakhale mafuta a m'manja amasokoneza kupimako.

Phale la kukamwa kwa mphika ndilo lofunika koposa, chifukwa mizere yake imasiyanitsa zoumba za Nkope ndi za Mawudzu, mitundu iwiri ya miphika yakale ya m'Malawi. Alimi akapeza phale alisiye pomwepo, alijambule pambali pa bokosi la machesi kuti kukula kwake kuoneke, kenako adziwitse a Dipatimenti ya Museums and Monuments.

Okonda mbiri yakale,
Kasungu