Lipoti la msonkhano wa za chinsinsi cha pafoni, kwa gulu lathu la maliro

A Pampando, amayi ndi abambo,

Munandituma Loweruka lapitali ku msonkhano wa ku Braamfontein, kuno ku Johannesburg ku South Africa, wokambirana za mafoni ndi chinsinsi cha anthu. Ndinakhala mpaka kumapeto. Kunabwera a magulu a maliro, a chipereganyu ndi a m'mipingo, ambiri obwera ngati ife: a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, a ku Congo.

Ndiyambe ndi chomwe chinandichititsa manyazi. Mayi amene ankatsogolera anatiuza kuti aliyense atsegule gulu lake la WhatsApp, apite pomwe pamakhala zithunzi, awerenge mapasipoti omwe alipo. Pa gulu lathu ndinawerenga 31. Ilipo ya malemu amene tinawaperekeza ku Mangochi chaka chatha, pamodzi ndi chikalata chawo cha imfa. Alipo ma permit, alipo malisiti otumizira ndalama oonetsa dzina ndi nambala ya wolandira kumudzi. Pagulupo pali anthu omwe anasiya kusonkha kalekale. Ena anabwerera ku Malawi, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani ya foni imapatsa munthu wina. Ndiye kuti mwina pakati pathu pali mlendo yemwe sitikumudziwa.

Ndinayesa kudziteteza kuti WhatsApp ili ndi loko. Anavomera: kuyambira 2016 uthenga umatsekedwa ukamachoka pafoni yako, nkukatsekuka pafoni ya wolandira basi, moti eni WhatsApp sangawerenge. Koma lokoyo amateteza panjira pokha. Chithunzi chikafika chimagwera m'mafoni a tonsefe. Sikirini ikasweka timathamangira kwa okonza mafoni m'tauni, mnyamata amati "PIN yake ndi chani, bwana?", ife timatchula, nkupita kukagula tchipisi ola lathunthu. Ineyo ndachitapo zimenezi kawiri, pasipoti za anzanga zili momwemo.

Mkangano waukulu unali wa WhatsApp ndi Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga. Mnyamata wina wophunzira za kompyuta anati tonse tisamuke. Anakumbutsa kuti Facebook inagula WhatsApp mu 2014, ndipo mu Januwale 2021 atalengeza malamulo atsopano a chinsinsi anthu ambiri anathawira ku Signal ndi Telegram. Anati ngakhale eni WhatsApp sawerenga uthenga, amadziwa amene umalankhula naye, nthawi yake ndi foni yomwe ukugwiritsa. Signal ndi open source, kutanthauza kuti malemba omwe anapangira pulogalamuyo ali poyera, wodziwa aliyense angaunike, ngati ndiwo zophikidwa onse akuona. Za Telegram anatichenjeza kuti magulu ake alibe loko ngati wa WhatsApp, zomwe ambiri sitinkadziwa. Bambo wina wa ku Zimbabwe anangofunsa kuti, "Nanga mayi anga kumudzi, amene amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiwapeza bwanji?" Mnyamata uja anasowa poyankhira.

Maganizo anga ndi awa. Maliro akagwa timafuna uthenga ufike ku Zomba ndi ku Mzimba usiku womwewo, ndipo abale athu ali pa WhatsApp. Tisasamuke. Komanso tikanasamukira ku Signal ndi khalidwe lathuli, mapasipoti 31 aja akanatitsatira komweko.

Panabweranso loya kudzafotokoza lamulo la kuno lotchedwa POPIA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2013 ndipo aliyense anayenera kuyamba kulitsata pofika 1 Julaye 2021. Limateteza munthu aliyense, osati nzika zokha, ndipo madandaulo amapita ku bungwe loyang'anira lamuloli lotchedwa Information Regulator. Koma likutikhudzanso mbali inayi: gulu losunga maina, manambala ndi mapasipoti a anthu liyenera kutenga zokhazo zofunikira, kuzisunga bwino, ndi kuzifufuta ntchito yake ikatha. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Anatchula zomwe zinachitika mu 2020 ku Experian, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, pomwe mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni zinagwera m'manja mwa wachinyengo. Kwathunso lamulo loteteza zinsinsi zotere linayamba mu 2024.

Za kubedwa kwa WhatsApp nonse mukukumbukira mmene zinatipwetekera mwezi wa Epulo, pomwe wina analemba m'dzina la mlongo wathu kuti mwana wadwala, anthu atatu nkutumiza ndalama. Njira yake ndi imodzimodzi kulikonse. Umalandira SMS ya manambala 6, kenako wina amati anaitumiza molakwitsa, umubwezere. Ukangobweza, akaunti yapita. Mankhwala ake ndi two-step verification, PIN yachiwiri yomwe umaika wekha mu settings. Tinaika pomwepo, sizinatenge mphindi ziwiri.

Chomwe chinandisangalatsa ndi laputopu. Yathu ija ya a Mlembi ili ndi Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo tinkaganiza zosonkha yatsopano. Ndinaona ndi maso laputopu yakale kuposa yathu, ya batani limodzi lozuka, akuiikamo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kuchokera pa flash. Tisanamalize tiyi inali itayaka, nkutsegula fayilo ya Excel pogwiritsa ntchito LibreOffice, pulogalamu yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, mizere yonse ili m'malo mwake. Ubuntu ndi LibreOffice zonse nzaulere. Ubuntu anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth, mwana wa ku South Africa konkuno, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Anatichenjeza kuti tiyambe takopera mafayilo onse pena, chifukwa poika zakale zimafufutika, komanso a Mlembi adzafunika masiku angapo kuti azolowere.

Choncho ndikupempha kuti Lamulungu tikakumana ku Rosettenville tigwirizane kuti pasipoti isaponyedwenso pagulu. Izipita kwa a Mlembi okha, pamanja, ndipo thupi likadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza kopeyo iziwonongedwa. A Pampando ndi a Msungichuma aunike mndandanda, amene sitikumudziwa achotsedwe. Aliyense abwere ndi foni yotchaja kuti tifufute zithunzi zija limodzi ndi kuika PIN yachiwiri. Amayi achikulire ndikhala nawo ndekha mmodzimmodzi. Flash ya Ubuntu ndili nayo kale.

Pa R100 ya thiransipoti yomwe munandipatsa patsala R36, ndipereka kwa a Msungichuma tsiku lomwelo.

Ine wanu,
Nthumwi yanu