Kalata yotseguka kwa Wapampando wa komiti yosankha alangizi a netiweki ya opulumutsa anthu pa ngozi

Olemekezeka Bwana Wapampando,

Ndakulemberani kawiri kudzera ku ofesi yanu, ndipo kawiri konseko chimene ndinalandira ndi mawu a mlembi wanu akuti kalata yafika. Lero ndalembera poyera, mundikhululukire.

Ndaona chilengezo chanu chofuna alangizi pa ntchito yokhazikitsa netiweki imodzi ya intaneti yothamanga, yoti apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi azimvana pa nthawi ya ngozi. Ganizoli ena a ife talidikira mpaka kumera imvi. Koma nditafika pa ndime ya zowayenereza, ndinaika pepalalo pansi. Mukufuna digiri ya uinjiniya kapena zaka zambiri pa udindo waukulu m'kampani ya mafoni. Mwa anthu onse amene ndinagwira nawo ntchito kwa zaka 19 m'chipinda cholandirira mafoni a ngozi, palibe ndi mmodzi yemwe angalowe pa khomo limenelo.

Ndikuuzeni za usiku wina. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata. Pa tebulo langa panali wailesi ya ambulansi, wailesi ya ozimitsa moto, ndi foni yoimbira apolisi, popeza wailesi yawo inali pa mafunde ena amene ife sitinkawamva. Ntchito yanga inali kumva uku n'kukanena uko. Cha m'ma 1 koloko ndinatumiza ambulansi kukatenga mayi woyembekezera amene ankataya magazi. Njira zinali ziwiri, ine ndinasankha yachidule. Sindinadziwe kuti apolisi anali ataona kale mlatho wa njira imeneyo ukukokoloka, n'kulengeza pa wailesi yawo. Analengezadi, bwana, sanalakwe kanthu. Mmodzi wa iwo anayesanso kundiimbira, koma magetsi anali atathima kuyambira madzulo ndipo mabatire a pa nsanja ya netiweki anali atatha. Dalaivala wanga anafika pamtsinje n'kupeza phompho. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Ndiye ndilowere kuti?" Kutsidya ankaona nyali za galimoto ya apolisi, pafupi ndithu, koma madzi ankasokosa moti kukuwa kunali kungotaya mawu, ndipo wailesi yake ndi yawo sizinkamvana. Anatembenuka kukazungulira njira yaitali. Ine ndinakhala ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma, mawailesi onse ali chete. Atafika anapeza mwana akulira, mayi atatisiya. Amene ndinasankha njira ija ndine, ndipo ndakhala nazo mumtima zaka zonsezi, ngakhale kuti uthenga wa mlathowo unanenedwa ambulansi isanalize n'komwe injini.

Musati ndi vuto la maiko osauka okha. Pa 11 September 2001 ku New York, zigawenga zitaomba nyumba ziwiri zosanja za World Trade Center ndi ndege, imodzi n'kugwa, apolisi a m'helikopita anaona kuti yotsalayo ikufooka ndipo anachenjeza anzawo, koma chenjezolo linayenda pa wailesi ya apolisi yokha. Ozimitsa moto 343 anafa tsiku limenelo. Ku Manchester, ku Britain, mu 2017, bomba litaphulika n'kupha anthu 22, ozimitsa moto anafika patatha pafupifupi maola awiri chifukwa cha kusamvana kwa nthambi zopulumutsa anthu. Amereka anakhazikitsa FirstNet, netiweki ya opulumutsa anthu, mwa lamulo la 2012, n'kuikapo madola 7 biliyoni, koma mgwirizano ndi kampani ya mafoni ya AT&T woti aimange unasainidwa mu 2017, zaka 16 chichitikire ngozi ya ku New York ija. Ku Britain ntchito yomanga netiweki yotereyi, yotchedwa Emergency Services Network, inayamba mu 2015 ndi cholinga choti mawailesi akale a Airwave azimitsidwe pofika 2019. Chaka chimenecho chinadutsa, zina zambiri n'kutsatira, apolisi akunyamulabe Airwave yomweyo.

Koma imene ndikufuna muilingalire kwambiri ndi ya ku South Korea. Sitima ya Sewol itamira mu 2014 n'kupha anthu oposa 300, boma linamanga netiweki yeniyeni ngati imene inu mukuifunayi, n'kuimaliza mu 2021. Mu October 2022 anthu oposa 150 anafa pa kupanikizana ku Itaewon, mumzinda wa Seoul, ndipo boma lomwelo linavomera kuti netiwekiyo sinagwiritsidwe ntchito moyenera polumikiza nthambi zosiyanasiyana usiku umenewo. Nsanja zinalipo, zipangizo zinali m'manja. Kungoti munthu akapanikizika amathamangira chimene anachizolowera. Zimenezi injiniya sangazione pa mapu ake, ngakhale akhale katswiri chotani. Amazidziwa ndi amene anagwirapo wailesi manja akunjenjemera.

Sindikunyoza ophunzira, bwana. Popanda iwo sitingadziwe mafunde oyenera kapena poika nsanja, ndipo kuona pa sikirini pamene pali ambulansi iliyonse, kapena kutumiza chithunzi cha wovulala kwa dokotala galimoto isanafike, ndi zinthu zimene ife tinkangozilota. Koma mutatifunsa, tikanakuuzani tinthu timene amakampani satiika patsogolo. Wozimitsa moto wavala magolovesi okhuthala sangaseretse chala pa galasi la foni, amafuna batani lalikulu loti akadina alankhule pompo. Wailesi yakale ija, ndi kuipa kwake konse, imatha kulankhula ndi inzake mwachindunji popanda nsanja, pomwe foni nsanja ikagwa imasanduka tochi. Ngati zipangizo zatsopanozo sizidzatha kutero, dalaivala wina adzaimanso pamtsinje akuyang'ana nyali za kutsidya. Pa ngozi aliyense amaimba foni nthawi imodzi, ndiye ndani adzatsogole pa mzere, ambulansi kapena wojambula vidiyo? Nanga m'zipinda za pansi pa nyumba zosanja, nanga kumidzi kumene kampani siionako phindu, nanga batire la pa nsanja lidzakhala maola angati? Ngakhale mawu enieniwo: nthambi iliyonse ili ndi zizindikiro zake za manambala, moti mutawaika pa netiweki imodzi lero angamvane mawu koma osamvana nkhani.

Tinanenapo kale zimenezi, ndiye pamene pakundipwetekera. Madzi aja ataphwa, akuluakulu a ofesi yanu anabwera m'chipinda chathu, anagwira mawailesi aja, anapukusa mitu, n'kulonjeza kuti pakatha zaka ziwiri tonse tidzakhala pa mafunde amodzi. Kenaka kunabwera mlangizi wolembedwa ganyu amene anacheza nafe kwa theka la ola, masana, nthawi imene mafoni salira. Lipoti lake sitinalionepo. Patapita nthawi tinalandira mawailesi atsopano, okongola, a kampani ina yosiyana ndi ya apolisi, osamvanabe. Ndinapuma pa ntchito tebulo lija lili ndi zipangizo zinayi m'malo mwa zitatu.

Ndikudziwa kuti inuyo simunali pa mpandowu nthawi imeneyo, ndipo sindikusenzetsani za anzanu. Koma chilengezo ichi chili ndi siginecha yanu.

Pempho langa ndi ili. Chibwezeni chilengezocho, mutalikitse nthawi yofunsira, ndipo mulembe kuti zaka zogwira ntchito yopulumutsa anthu zikuwerengedwa mofanana ndi digiri. Theka la mipando yovota lipite kwa anthu amene akugwirabe ntchitoyi lero, osati mabwana awo a ku likulu: wolandira mafoni, dalaivala wa ambulansi wa kumudzi, wozimitsa moto, wapolisi wolondera usiku. Ku Amereka mu 2012, komiti ya alangizi yotereyi inali ndi mipando yovota 14, isanu ndi iwiri ya makampani, inayi yokha ya opulumutsa anthu. Musatengere zimenezo. Wa kampani abwere adzalangize, koma aulule zimene amagulitsa, ndipo asavote pa chinthu chimene mawa adzapikisane nawo kuti akugulitseni. Osankhidwawo mabwana awo awamasule pa masiku a misonkhano, chifukwa munthu wochoka pa shifiti ya usiku sangatsutsane ndi loya wa kampani. Zokambirana zonse zizisindikizidwa kuti tiziwerenga. Ndipo msonkhano woyamba muchitire m'chipinda cholandirira mafoni, usiku, nyengo ya mvula.

Ine mpando sindikuufuna, maso anafooka. Koma dalaivala uja akadali pa ntchito, digiri alibe, ndipo mukasintha ndime ija ndidzamuthandiza ndekha kulemba kalata yake yofunsira.

Ine wanu,
Wolandira mafoni a ngozi wopuma pa ntchito