Dolufini wovulala pa tebulo lanu

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tadzuka bwino. Ndikuyankha funso lanu la mkangano umene unabuka pa gulu lanu la masewera a nthano oseweredwa pa tebulo ndi madayisi otchedwa Dungeons & Dragons, pamene dolufini wothandiza mmodzi wa osewera analasidwa ndi mkondo n'kutha mapointi onse a moyo, ndipo ena ankati angosiyidwa pansi pa madzi mpaka nkhondo itatha chifukwa dayisi inali itasonyeza kale kuti sakufa. Ine ndili kumbali ya amene anakana, ngakhale kuti buku la malamulo likuoneka ngati likuwatsutsa.

Malamulo a chaka cha 2014 amati cholengedwa chikatha mapointi chimakomoka, kenako mwini wake amaponya dayisi ya mbali 20 pa raundi iliyonse, ndipo akapeza 10 kapena kuposerapo katatu, ngozi yatha: wovulalayo amangogona pomwepo n'kudzatsitsimuka yekha pakati pa ola limodzi ndi maola 4. Mabuku a masewerawa amatinso dolufini amakhala mphindi 20 osapuma, ndipo namgumi wotchedwa orca amakhala mphindi 30. Popeza raundi imodzi ndi masekondi 6 basi, nkhondo zambiri zimatha mphindi isanakwane, choncho anzanuwo anawerengera bwino ndithu. Vuto ndi lakuti lamulo la kukomoka linalembedwa poganizira thupi la munthu, limene chifuwa chake chimapitiriza kukoka mpweya chokha mwini wake ali chikomokere.

Dolufini sali choncho. Mphuno yake, imene ili pamwamba pa mutu, imakhala yotsekeka nyamayo ikamasuka, ndipo kuti ipume iyenera kufika pamwamba pa madzi ndi kutsegula mphunoyo ndi minofu pa nthawi yoyenera. M'chaka cha 1955 John Lilly ndi anzake anayesa kugonetsa madolufini ndi mankhwala ku Marineland m'chigawo cha Florida kuti aphunzire za ubongo wawo, koma nyamazo zinkaleka kupuma n'kufa. Kuzigonetsa popanda kufa kunatheka m'zaka za m'ma 1960, pamene akatswiri, kuphatikizapo dokotala wa nyama Sam Ridgway, anagwiritsa ntchito makina opumitsa nyamayo nthawi yonse imene ili mtulo ta mankhwala. Choncho dolufini wokomoka amene malamulo akuti ali bwino tsopano, m'moyo weniweni amakhala atayamba ulendo wa imfa, ndipo kungomukankhira pamwamba pa madzi n'kumusiya sikokwanira.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi kumene mphindi 20 zija zimachokera. Ife tikamamira timadalira mpweya umene tadzaza m'mapapo, koma nyama zimenezi zimasunga okosijeni wambiri m'magazi ndi m'minofu, n'chifukwa chake nyama ya namgumi imakhala yofiira moderako kwambiri. Ikamira, mtima umachepetsa liwiro, mitsempha yopita kukhungu ndi m'mimba imafinyika, ndipo magazi amasungidwira ubongo ndi mtima. Umu ndi mmene namgumi wa mtundu wa Cuvier anafikira mamita 2,992 pansi pa nyanja, ndipo wina wa mtundu womwewo anakhala mphindi 222 osatulukira. Tsono taganizirani nyama imene ikuthamanga pa nkhondo, mtima ukugunda mofulumira, magazi akutuluka pa bala: nkhokwe yake ya mpweya ndi magazi omwewo amene akufiiritsa madzi. Kwa munthu wa pamtunda bala ndi mpweya ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo masewerawa amaziwerengera m'mabokosi awiri pa pepala, koma kwa dolufini bala lalikulu limadya mpweya mwachindunji.

Ndikanakhala ine wotsogolera masewera, ndikanalamula kuti nyama yotere ikataya theka la mapointi ake, nthawi yotsala yokhala osapuma idulidwenso pakati, ndipo ikakomoka pansi pa madzi mwini wake aziponya madayisi awiri n'kutenga nambala yocheperapo, kufikira wina ataikweza ndi kuigwira mphuno ili kunja kwa madzi. Wogwirayo asamenye nkhondo pa raundi imeneyo, chifukwa manja ake ali pa ntchito. Zimenezi si nkhanza kwa osewera ayi, zimangowapatsa chosankha chovuta, chimene ndi mchere wa masewerawa: kupitiriza kulimbana ndi mdani kapena kupulumutsa mnzawo. Komanso madolufini enieni amachita zomwezo. M'chaka cha 1956 akatswiri awiri, Siebenaler ndi Caldwell, analemba za dolufini amene anazunguzika ndi kuphulika kwa dayinamaiti kufupi ndi gombe la Florida, ndipo anzake awiri anamuchirikiza mbali zonse ziwiri kuti mphuno yake ikhale pamwamba mpaka anatsitsimuka.

Pa za matsenga ogonetsa ndimaganiza mosiyana pang'ono. Kafukufuku wa Lev Mukhametov ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1970 anasonyeza kuti dolufini amagona ndi theka limodzi la ubongo, theka linalo lili maso, ndipo nthawi zambiri diso limodzi limakhala lotsegula. Ndiye mfiti ya m'masewera ikamugonetsa, musamumize. Mulekeni azisambira pang'onopang'ono ndi kutulukira kukapuma, koma asamenye kapena kumvera malamulo a mbuye wake.

Chonde musagwiritse ntchito lamulo limodzi pa nyama zonse za m'madzi. Nyama zotchedwa elephant seal zimagona tulo tenitheni zikumira pansi pa nyanja, osapuma konse, kenako n'kudzuka kukwera pamwamba, ndipo mvuu zathu za mu Shire zimabwera pamwamba kudzapuma zili mtulo n'kumiranso osadzuka. Zoterezi tulo siziziopseza, koma bala lotaya magazi limachepetsabe nthawi yawo. Ukonde ndiwo umapha zonsezi mofanana, monga mmene maukonde a asodzi atsala pang'ono kumalizira kanamgumi kotchedwa vaquita m'nyanja ya Gulf of California ku Mexico, choncho mdani wochenjera m'masewera anu azibwera ndi ukonde osati lupanga lokha.

Pomaliza, muchenjeze wosewera wanu uja amene amakonda kusanduka nyama. Malamulo a 2014 amati mapointi a nyamayo akatha amabwerera m'thupi la munthu pomwepo, ndipo ngati zimenezo zachitikira pansi penipeni pa nyanja, musamupatse mphindi za dolufini kapena mphindi zonse za munthu amene wangokoka mpweya kumene. Ine ndikanamupatsa masekondi 30 okha, amene ndi maraundi 5, kuti apeze njira yotulukira. Muyese zimenezi pa masewera anu akubwerawa, ndipo mudzandiuze ngati gululo lavomereza, makamaka mwini dolufini uja. Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu wa nthawi zonse.