Mudzi umodzi, mafumu anayi

Achimwene,

Kalata yanu yafika, koma theka lake ndi nkhonya zokhazokha. Za mvula simunafunse, za ngongole ya aPhiri simunatchule n'komwe. Chabwino, tiyeni kunkhonyako, poti mwati munthu akangomanga lamba m'chiuno ndiye kuti ndi ngwazi ya dziko lonse. Mwanama pamenepo.

Mabungwe aakulu opereka malamba alipo anayi: WBA, imene inayamba mu 1921 ndi dzina lina, WBC ya 1963, IBF ya 1983 ndi WBO ya 1988. Mudzi umodzi, mafumu anayi, aliyense ndi kaundula wake. Nkhonya ikakhala yolimbirana lamba, bungwe limatapa pafupifupi 3 peresenti pa malipiro a womenya aliyense. Malamba akachuluka, zotapa zichuluka. N'chifukwa chake WBA inafika pokhala ndi ngwazi ziwiri pasikelo imodzi, ina super, ina regular, ndipo Manuel Charr anasunga wa regular kuyambira 2017 zaka zitatu zathunthu osauteteza ngakhale kamodzi.

Pamene pamavutira ndi apa. Bungwe lililonse lili ndi mndandanda wake, ndipo limalozera ngwazi munthu woti imenyane naye, ifune isafune. Kugwira malamba anayi kuli ngati kukhala mkamwini wa apongozi anayi, aliyense akufuna umulimire munda wake mvula yoyamba ikangogwa. Chonsecho ngwazi za heavyweight, sikelo ya olemera kwambiri, masiku ano zimalowa mu ring kamodzi kapena kawiri pachaka. Oleksandr Usyk wa ku Ukraine anagonjetsa Tyson Fury wa ku Britain ku Riyadh pa 18 May 2024 n'kutenga onse anayi, koma pofika June anali atasiya wa IBF chifukwa anali atasainira kale kubwereza ndi Fury. Daniel Dubois wa ku Britain anaulandira lambawo ali chikhalire. Mu July 2025 ku Wembley, Usyk anamugwetsa m'raundi yachisanu n'kuutenganso. Ndiye chaka chonsecho mfumu yeniyeni anali ndani?

Sizachilendo ayi. Mu 1978 WBC inalanda Leon Spinks lamba chifukwa chobwereza ndi Muhammad Ali, n'kumupatsa Ken Norton osamenya. Mu 1992 Riddick Bowe anataya wa WBC m'bini ku London atolankhani akuona. Odziwa nkhonya amangofunsa chimodzi: anamenya ndani? Ufumu umachoka kwa amene wagwetsedwa kupita kwa amene wamugwetsa, osati kuofesi.

Koma yondipweteketsa nthiti ndi ya WBO. Darrin Morris, wa sikelo yocheperapo, anamwalira mu 2000, koma bungwelo linamukwezabe pamndandanda kawiri, munthu ali kumanda. Kawiri, achimwene! Ndiye musataye mtima. Alamu anu aja amene anathawa ndewu ya pabawo n'kusiya nsapato imodzi akhoza kufika nambala wani. Inunso ndi mimba yanuyo, poti ku IBF ndi WBO heavyweight imayambira pamwamba pa makilogalamu 90.7, sikelo mwakwanitsa kale. Chatsala n'kulipira basi. Ndikuonani mukutsika ndege ndi malamba atatu, ngongole ya aPhiri ili chiimire.

Kuno magetsi athimanso, cholembera chikukana, ndipo bawo silikomanso chichokereni inu. Anthu oti n'kukangana nawo atha. Ndimafuna ndikuuzeninso za lamba wa magazini ya The Ring, amene alibe msonkho wa mabungwewa, koma pepala