Pokamba za mphotho ya osewera atsopano mu WNBA, tiziona timu imene analowamo

Akonzi,

Chonde ndipatseniko mpata pa tsamba lanu ndinenepo maganizo anga pa mphotho ya Rookie of the Year, imene ligi ya basketball ya amayi ku America, WNBA, imapereka kwa wosewera amene wachita bwino koposa m'chaka chake choyamba. Ambiri amafunsa kuti wosewera angatchedwe bwanji katswiri pamene timu yake yangokhalira kugonja, koma ine ndikuona kuti funsoli limaiwala mmene atsikanawa amalowera mu ligi.

Matimu amene alephera kufika mu ndime ya chipulula ndiwo amachita maere olimbirana mwayi wosankha koyamba osewera ochokera ku makoleji. Choncho mtsikana waluso kwambiri amagwera m'timu yofooka, ndipo amayembekezeka kuinyamula asanapume n'komwe. Paige Bueckers anatenga chikho cha makoleji ndi timu ya yunivesite ya Connecticut (UConn) pa 6 April 2025, timu ya Dallas Wings inamusankha pa 14 April, ndipo pakati pa May anali kale m'bwalo kulimbana ndi akamuna a masewerowa, amayi amene akhala mu ligi zaka khumi kapena kuposerapo. Dallas inapambana masewero 10 okha n'kugonja 34. Komabe mu August Bueckers anagoletsa mapointi 44 polimbana ndi Los Angeles Sparks, ndipo atolankhani ovota anamupatsa mphothoyi ndi mavoti 70 mwa 72. Sindikuona cholakwika pamenepo, chifukwa wosewera mmodzi sangatchinge zigoli za adani, kugawa mipira ndi kugoletsa yekha kwa mphindi 40.

Nkhani ya Caitlin Clark, amene anatenga mphothoyi mu 2024, ndiyo imasokoneza anthu, popeza timu yake ya Indiana Fever inafikadi mu chipulula koyamba chichokere 2016. Zoona, Clark anagawira anzake mipira 337 yobala zigoli, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo m'nyengo imodzi, ndipo pa masewero amodzi ndi Dallas anagawa 19. Koma tisaiwale kuti iye anapeza Aliyah Boston ali kale pansi pa chigoli, yemwe anatenga mphotho yomweyi mu 2023, ndiye mpira ukachoka m'manja mwa Clark unali ndi woulandira. Bueckers analibe mnzake wotero pansi pa chigoli. Komanso Clark anataya mipira 223 kwa adani m'nyengo imeneyo, zimene omutamanda sakonda kuzitchula, ngakhale kuti kwa ine zimangosonyeza kukula kwa katundu amene anamusenzetsa.

Chimene chinandikhumudwitsa chaka chimenecho ndi mmene nkhani inasandutsidwira mkangano wa Clark ndi Angel Reese wa Chicago Sky, ngati kuti kuyamikira wina ndiko kunyoza mnzake. Reese ankatola mipira yobwerera kuchokera pachigoli pafupifupi 13 pa masewero alionse, ndipo kwa masewero 15 otsatizana anafikitsa mapointi ndi mipira yotola 10 kapena kuposa, asanavulale pamkono mu September. Anapeza voti imodzi mwa 67. Mavotiwo anasankha woyenera, koma chiwerengero chimenecho sichikufotokoza ntchito imene Reese anagwira.

Sikuti wosankhidwa koyamba ndiye amatenga mphothoyi nthawi zonse. Napheesa Collier anasankhidwa pa nambala 6 mu 2019, ndipo Crystal Dangerfield pa nambala 16 mu 2020, koma onse anatenga mphothoyi ali ku timu ya Minnesota Lynx. Candace Parker yekha ndiye anaphatikiza mphothoyi ndi ya wosewera wopambana onse mu ligi m'chaka chimodzi, mu 2008, ndipo si chilungamo kuyeza watsopano aliyense ndi muyeso umenewo.

Pempho langa kwa atolankhani anu a zamasewero ndi lakuti akamalemba za mphothoyi azitiuza mmene timuyo inalili wosewerayo asanafike, mphindi zimene akusewera, ndiponso anzake amene ali nawo m'bwalo.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda basketball, Lilongwe