Masewero olimbitsa thupi asafe m'sukulu zathu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule ndi zomwe ndikuona m'sukulu za pulayimale kuno ku Ntcheu. Nthawi ya masewero olimbitsa thupi, yomwe ili mkati mwa phunziro la Expressive Arts, yasanduka ya masamu owonjezera kapena yosesa pabwalo. Ana a Sitandade 8 ndiye amamvetsa chisoni: kukhala pansi kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ati kukonzekera mayeso a MANEB.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azisewera motulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Magazi akamayenda bwino mutu umagwira, mwana sasinza m'kalasi, mtima ndi mafupa zimalimba. Ena amati ana akumudzi amayenda kale mtunda wautali ndiponso amatunga madzi. Zoona, koma kusenza ndowa sikuphunzitsa mwana kutsata malamulo, kugwirizana ndi anzake kapena kuvomereza akagonja.

Zoti palibe zipangizo ine sindizimva. Fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga sizilira ndalama, ndipo ngoma yathu ya Chingoni imatulutsa thukuta ndithu. Alangizi a maphunziro akamayendera sukulu za m'zoni mwawo azifunsanso ngati ana atulukako pabwalo sabata imeneyo.

Kholo lokhudzidwa,
Lizulu, Ntcheu